Muvi Wachitatu

Januwale ku Milton Keynes, chisanu chikuluma zala.
Entwistle wasiya vani ya mapaipi panja;
yolembetsera adakongola kwa mlamu wake.
Muholo mabolodi ali ndandanda, woomba m'manja palibe,
kumangomveka thi! thi! thi!
ndi chifuwa cha wolemba mapointi.

Tsiku lachinayi akusaka khadi
lomulowetsa m'bwalo la akatswiri zaka ziwiri.
Zatsala 32.
Kadanga kobiriwira m'mphepete mwa 16,
kuchepa ngati chikhadabo.

Muvi woyamba, kunja.
Wachiwiri waluma waya, gwa pansi.
Kumbuyo kwake kamnyamata kopanda ndevu
kakupukutira thukuta pathalauzi.

Wachitatu uli pakati pa zala.
Lolemba kuli sinki yodontha ku Wigan,
mwiniwake waimba kale kawiri.