Tsamba 47

Magetsi athimanso.
Ndikulemba ndi kuwala kwa foni yosweka galasi,
batire latsala kamzere kamodzi,
ndipo khoma la a Sakala ndi lopyapyala:
ndikumva mwana wawo akutsokomola,
ndikuwamva akuwerengera lendi yanga mokweza
kuti ndimve.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndalera buku ili.
Ndinalinyamula mu envulopu ya khaki,
kukwera nalo masitepe a ku Cairo Road.
Wa pa desiki sanadzutse n'komwe mutu.
"Tidzakuimbirani."
Foni inaliradi sabata yomweyo,
koma anali wakaloba wa ku Chawama.

Mvula ya Januwale itamiza Kanyama
madzi analowa osaodira,
mitu itatu ya nkhani inasanduka phala.
Zotsalazo ndinayanika padenga, n'kutsindira miyala,
kenako mtima unangoti zii.
Ndinatula mulu wonse kwa Mai Njobvu,
okazinga zitumbuwa pa siteshoni.
Ndinati, kulungirani malonda, pepala ndi pepala basi.
Anandininkha zitumbuwa ziwiri zaulere,
malipiro anga oyamba a ulembi.
Zinali zotentha. Ndinadya.

Lachinayi, ndikudikira basi ya m'tauni,
ndinamva kondakitala wina, Zakeyo wogweluka dzino,
akulimbana ndi mayiwo,
osati za chenji ayi.
M'manja mwake munali pepala lonona mafuta,
loonekera ngati zenera.
"Mayi, dzulo munandikulungira tsamba 46.
Mtsikana uja waima pa mlatho ndi sutikesi,
sitima ikubwera.
Nanga 47 lili kuti? Akwera kapena abwerera?"
Mai Njobvu anasuzumira pansi pa beseni,
nati, "Lapita ndi wapolisi m'mamawa."
"Aaa! Wapolisi adziwa chiyani za mtsikana ameneyu?"
Anapinda pepalalo kanayi,
nalisunga m'thumba momwe mukhala ndalama.

Ine chilili, fumbi lili m'kamwa.
Sindinanene kuti ndine.
Basi inandisiya, inanso inandisiya.

M'buku langa mtsikanayo anakwera
ndipo sanabwerenso.
Ndinalemba choncho chaka chomwe ndinaleka kuyankha
anthu akafunsa kuti ntchito yanga n'chiyani.
Koma usiku uno ndamuitana, takhala pamphasa,
ndamufunsanso bwinobwino.
Sanayankhe msanga.
Akuti sutikesiyo ikulemera,
akuti pali munthu ku siteshoni amene akufuna kudziwa.

Magetsi sabwera lero, ndawadziwa.
Kamzere kaja kafiira.
Mwana wa a Sakala wagona tsopano,
kwatsala agalu ndi jenereta ya ku bala.
Ndilemba mpaka foni ife,
ikafa ndipapasa mzere ndi chala.

Mawa ndilawirira,
tsamba limodzi louma m'thumba la malaya,
nambala yake ndalemba yaikulu pamwamba.
Ndikaliika pa mulu wa Mai Njobvu
mafuta asanawire,
wapolisi asanadutse.