Ngongole ya Windo

Pa zilembo zitatu za Chigiriki zapakhomo
chapakati chinagwa ndi chisanu cha Januwale.
Patsala mthunzi wake panjerwa,
poyera ngati pamkono pomwe pavulidwa wotchi.

Nyumbayi inamangidwa mu 1911,
pamsewu wa Alder, m'katauni ka koleji kuno ku Ohio,
ndipo ine, Wendell Pruitt, wa imvi ndi bondo lachitsulo,
ndine msungichuma wa thumba lokonzetsera,
udindo womwe anzanga onse anaukana mwaulemu.

Mayi Kowalczyk, mmisiri wa zomangamanga,
anakwera kudenga ndi tochi
natsika ndi nkhope ya dokotala.
Anabaya mtanda ndi msomali, unalowa ngati mu buledi.
"Chiswe," anatero. "Ndi madzi.
Mawaya anu ngokutidwa ndi nsalu.
Mukugoneka ana a eni makumi atatu m'bokosi la machesi."
Analemba mtengo pakapepala.
Ndinawerenga maziro ake kawiri, ndi chala.

Ndiye madzulo alionse ndimakhala pafoni
ndi kaundula wa abale, wamasamba achikasu.
Kwina foni imangolira m'nyumba zomwe zinagulitsidwa.
Kwina amayankha ana: "Bambo anatisiya mu Epulo."
Roscoe Tillery, yemwe tinkagona chipinda chimodzi,
anandifunsa katatu kuti ndine yani,
kenako anayimba nyimbo yathu yapatebulo,
yonse, osaphonya liwu.
Za ndalama sindinatchulenso.

Gardner Voss, mwini fakitale ya matayala,
akuti alipira theka la denga
bola chipinda chodyera chitchedwe dzina lake.
Ndinamukumbutsa kuti m'chipinda chomwecho
ndi momwe anasanzira mu piyano.
Anaseka mpaka kutsokomola, koma sanasunthe.
Wopempha sakweza mawu.
Dzinalo tidzalikhoma, la mkuwa.

Anyamata a lero nawo ayesetsa.
Atsuka magalimoto zala zili gwa ndi kuzizira,
agulitsa masoseji pabwalo la mpira,
apeza yokwanira zitseko ziwiri ndi loko.
Mtsogoleri wawo, Jalen Whitlock, ndi mnyamata wakuda.
M'chipinda chapansi, pochotsa mabokosi onyowa,
anapeza buku la zokambirana la 1969,
usiku womwe tinaponya timiyala m'kabokosi
kuti wina wonga iye asalowe pakhomo pano.
Anandifunsa, osakweza mawu,
"Kanu kanali kamtundu wanji?"
Ndinayang'ana mng'alu wa khoma
kuyambira kudenga mpaka pansi.
Kukamwa kunauma.
Anadikira. Kenako anagwira mbali ina ya makwerero
nati, "Gwirani uko, bambo Pruitt, tinyamule."
Yankholo ndikadali nalo ngongole,
ndipo m'buku langa mulibe mzere wake.

Dzulo kwabwera envelopu yochokera ku Duluth,
zolemba zonjenjemera,
cheke cha madola makumi atatu ndi asanu.
Mkazi wamasiye wa Alvin Stroud akuti:
"Mwamuna wanga anaswa windo lapamasitepe ndi mpira
nanamizira mphepo.
Zaka zonsezi wakhala akunena kuti adzalipira.
Landirani."

Windolo ndikulidziwa.
Tinalitseka ndi katoni, ndipo katoniyo
inaona tonse tikuvala mikanjo nkumapita.
Ndalemba m'buku: Stroud, 35, windo.
Ndachotsera pa chiwerengero chachikulu chija,
ndipo chiwerengerocho sichinamve nkomwe.

Panopa mvula yayamba.
M'chipinda chapamwamba muli ndowa zisanu ndi ziwiri,
iliyonse ndi liwu lake,
ya pakona ndiyo imadzaza msanga.
Ndikumva Jalen akukwera masitepe kukazikhuthula,
akudumpha lachinayi, lomwe limalira,
monga tinkalidumphira ife pobwera usiku.
Palibe anamuphunzitsa.

Kaundula wathera pa Z.
Ndanola pensulo.
Mawa ndiyambiranso pa A.