Tikiti ya Chaka cha Njoka

Tikiti yanga ilibe mpando.
Maola khumi ndi anayi chiimirire
pakati pa chimbudzi ndi thanki ya madzi otentha,
chikwama ndachipana ndi mawondo,
sitima ikuboola mapiri a Guizhou usiku wonse.
Bambo wina wagona mutu uli paphewa langa.
Ndamusiya. Nayenso akupita kwawo.

Ndinabadwa chaka cha Njoka,
ndipo yazungulira kachitatu, yandipezanso.
Amati chaka chako chikabwerera chimadza ndi mano,
uvale chofiira mpaka chithe.
Ndiye ndili nako kachingwe m'chiuno,
anandimanga Qiulan wa pamakina oyandikana ndi anga,
ulusi wotsala wa majuzi opita kunja.

Mwana wanga ndi Nkhosa.
Ndili ndi pakati, apongozi ankawerenga masiku pakalendala:
pirira, Nyani ali pakhomo,
mtsikana wa Nkhosa amadya udzu wouma moyo wake wonse.
Mimba simva kalendala.
Yueqin anabadwa kutatsala masiku asanu ndi anayi,
akulira mokweza kuposa mabomba a chikondwerero.

Ndafika dzuwa litapendeka.
Pachitseko amata chilembo cha mwayi chozondoka,
akuti mwayiwo ulowe msanga.
Ndatulutsa jekete yofiira,
ndinaigula ndi muyeso wa chaka chatha.
Manja ake atulukira kutali, ziwongono pamtunda.
Akuti yakwana.
Anaphunzira liti kundinamiza mwaulemu?

Nsomba taidya mbali imodzi,
inayo igone m'mbale, chaka chipeze chotsala.
Mlamu waledzera, akuti Nkhumba ngati iye safa ndi njala.
Pakati pa usiku mudzi wonse waphulika,
utsi, agalu, mapepala ofiira kugwa ngati maluwa.
Mawa tsache lisakhudze pansi,
mungasesere chuma kunja.

Pabedi, envulopu yake ili pansi pa pilo,
wakola chala m'kachingwe kanga.
Mayi, aphunzitsi akuti njoka nthawi yozizira
imagona kuuna kwake.
Siyenda ulendo.

Ndakhala chete mpaka mpweya wake watalika.
Chala sanachotse.

M'thumba la malaya ali pamsomaliwo
muli tikiti ya tsiku lachisanu ndi chimodzi.
Imeneyo ili ndi mpando,
wa pawindo.