Madontho Pabolodi

Lachitatu, choko chatsala kachidutswa.
Ndajambula mapiri a kumadzulo kwa Yorodano
ndipo ndikudontheza madontho.
Lalikulu ndi tauni ya Aisraeli, anthu zikwizikwi;
laling'ono ndi makalavani asanu, thanki ya madzi, waya waminga.
Chaka chamawa laling'onoli
lidzadya choko chambiri.

Tikambenji wa benchi yakumbuyo wakweza dzanja:
“Aphunzitsi, nanga pansi pa dontho pali ndani?”

Buku langa lawerenga obwera okha.
Mwini chitsime, mwini mbuzi, amene anadzala azitona,
mulibe.

Ndayang'ana pazenera. Phiri la Kanjala lili duu.
Ndakumbuka mwala wakonkire wa manambala ofufutika
kunjira ya ku Chadiza,
umene unabunthitsa khasu la atate kawiri.
Ankati anaukwirira azungu a fodya
Chipata akadali Fort Jameson,
mudzi wathu n'kusenza madenga kupita kumiyala.
Pamapu awo ife tinali pepala loyera.

Belu lalira ndisanamuyankhe.
Ndafufuta bolodi ndi chikhatho,
koma fumbi lakanirira m'mizere ya dzanja,
ndipo mwanayo sanatsitsebe lake.