Bokosi la Mkungudza

Kiyi mudasiyira ine, osati ana anu,
ndipo pa Chitakale nkhaniyo idatafunidwa sabata yathunthu.
Lero chiperoni chaphimba phiri mpaka m'chiuno.
Ndatsegula.
Layamba kutuluka fungo la mkungudza,
kenaka inuyo, a Nampuntha.

Pamwamba pali mapepala a pa sikelo ya ku esiteti.
Kumaso kwake mayina a othyola tiyi ndi mapaundi awo,
kuseri ndakatulo zanu zoyamba, za pensulo,
zolembedwa kapitawo akatembenuka.
Tsiku limene mudakana kubera anthu sikelo
mudabwerera kwanu wapansi, ntchito itatha,
mutu wa nkhani uli m'thumba la kabudula.

Pansi pake pali zotsalira za pakhonde la positi.
Amayi ankandanda, ana kumsana,
kukupatsani mawu opita ku Joni ndi ku Halale.
"Muwauze kuti denga likudontha."
Inu munkalemba za dengalo,
n'kuwonjezera mzere umodzi
umene mayiyo ankachita manyazi kuutchula.
Ndi amuna angati adabwerera chifukwa cha mzere umenewo?
Inu munkati atatu.
Mayi Muhiwa akuti musawaiwale awo, ndiye anayi.

Kukhoti Chilomwe chinkalowera khutu ili,
Chingerezi n'kutulukira pakamwa.
Usiku wina nyali itatha mafuta mudaulula
za mkulu wogwidwa ndi nkhuni m'nkhalango ya boma:
"Sindidaname, mwanawe.
Ndidangowaveka jekete mawu ake asanafike kwa woweruza."

Choko chidakuyeretsani zala zaka khumi ndi chimodzi ku Nalipiri.
Kenaka wailesi.
Anthu ankaunjikana pagolosale Lachinayi madzulo
kumvera sewero lanu, ogula sopo osapatsidwa chenje mpaka lithe.
Lidakoma mpaka gawo lija la galu wa bwana
amene ankadya ana asanadye.
Galimoto idafika tambala asanalire.
Za miyezi khumi ndi isanu yotsatira
m'bokosi muno mulibe pepala ngakhale limodzi.
Ndapeza kansalu kokha, kopindidwa kanayi,
ndipo sindikudziwa ntchito yake.

Mabuku asanu ndi awiri.
Ndalama yake sidakwane n'kugula njinga yomwe.
Mudakhala m'mbali mwa msewu ndi milu ya nanazi,
mukutsutsana mitengo ndi apaulendo
amene ana awo ankalemba mayeso pa buku lanu.
Simunkawauza.
Chaka chimene Likhubula adadzaza n'kulowa m'nyumba,
adatenga nkhani yanu yaitali, makope anayi.
Mudailembanso kuchokera m'mutu, idatuluka yowonda,
inu n'kumaseka: "Mtsinje ndi mkonzi wabwino,
wachotsa mafuta okhaokha."

Sindibisa, munali ovuta.
Kalata ya mwana wanu weniweni mudaibweza
mutaichonga ndi inki yofiira.
Sadalembenso.
Pamaliro adaima kutali, pansi pa mtengo wa mapeyala,
akupukuta magalasi amene sadade.

Ine ndidabwera kudzapempha machesi,
ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri,
ng'ala itakutsekerani kale maso onse.
Mudafunsa ngati ndimadziwa kusiyanitsa
mpumiro ndi mpatuliro.
Ndidanama.
Mudandipatsa cholembera, machesi aja ndidaiwala,
amayi adandidikira ndi moto wosayatsa.

Zaka zisanu ndi zinayi ndidakhala dzanja lanu.
Munkayankhula mutayang'ana kumene kuli phiri,
ngakhale simunkaliona,
mukati mumalimva kulemera kwake pa tsaya.
Ndikalakwitsa munkadziwira pa kulira kwa pepala.

Kope lomaliza nali, la mizere, la ana asukulu.
Zilembo ndi zanga, mpweya ndi wanu,
wa munthu wa zaka makumi asanu ndi anayi ndi chimodzi.
Mudati, "Lemba: Pamene nkhungu idachoka,
tidapeza kuti..."
Kenaka mudapempha madzi.

Ana anu akuti ndimalize, osindikiza akudikira.
Ndakhala pano kuyambira m'mawa,
tiyi wazizira m'kapu yanu yothyoka chogwirira.
Kunja chiperoni sichikusuntha.
Ndasiya mpatuliro wanu pamene mudausiya,
ndatseka bokosi,
fungo lokha latsalira m'manja.