Mlomo wa Mwandida

Anati ndi mphindi khumi basi,
ngati kuboola khutu.
Ukwati wa Asiyatu unali Loweruka,
ndipo Mwandida ankafuna mlomo wa mu foni,
uja wodzaza, wonyezimira ngati wangodya mandasi.

Ndinamuperekeza ndine.
Ndinene zimenezi poyamba.

Tinatsika minibasi mu Limbe,
kudutsa azitenje, kudutsa anyamata a matchaja,
mpaka pa saluni ina kuseri kwa shopu ya matayala.
Kutsogolo akuluka tsitsi.
Kumbuyo kuli katani.

Anti Felesiya anatsegula firiji,
pakati pa mabotolo a thobwa ndi yogati wa mwana wawo
anasolola kabokosi.
Magetsi anali atathima chim'mawire.
Zilembo zake sindinadziwe n'chilankhulo chanji,
pa tsiku lothera mphamvu panali pofufutika.
“Izi n'zakunja,” anatero,
ngati Kunja ndi dzina la dokotala.

Mafunso anafika mpaka pa mano:
Munaphunzira kuti? Chiphaso chili kuti?
Zikavuta muitana ndani?
Ndinawameza.
Ndinaopa kuoneka wachimidzi.
Ndinafungatira chikwama cha mnzanga,
maso pa mitengo yolembedwa pakatoni.

Singano inalowa kanayi.
Kachitatu anandifinya dzanja mpaka mphete inandidya.
Pamwamba pa mlomo, chakumphuno,
panayera mbuu ngati pathiridwa ufa.
“Ndiye kuti akugwira ntchito,”
anatero Anti, akunyowetsa chala kuwerenga ndalama.

Cha m'ma leveni usiku foni inalira ku Chilomoni.
Mawu ake ankatulukira mbali imodzi.
Poyera paja panali patada mawangamawanga
ngati nyama yogonera.
Nambala ya Anti:
siyikupezeka, yesaninso nthawi ina.

Kabaza, mphepo, chitenje kunkhope, ku Kwinzi.

Dokotala anali mtsikana ngati ife,
cholembera chitasomekedwa m'tsitsi, maso ofiira tulo.
Sanatikalipire.
Bwenzi zili bwino akanatikalipira.
“Anamubaya chiyani?” Sitinadziwe.
“Bokosi muli nalo?” Tinayang'anana.
“Panayera nthawi yanji?”
Ndinayankha ndine: masana.
Anayang'ana wotchi, osanena kanthu.

Kenako anatembenuza pepala, najambula nkhope,
nadutsitsamo timizere.
“Pansi pa khunguli pali tinjira ta magazi
tochuluka kuposa ta mu Ndirande.
Mukatseka kamodzi,
onse okhala kumapeto kwake agona ndi njala.
Aka,” anagunda ndi cholembera, “kamapita kudiso.
Ena mwa mankhwalawa amasungunulika ukafulumira.
Ena akalowa, alowa.
Nanga ndilimbana bwanji ndi mlendo wopanda dzina?”

Ndinachezera pa benchi la simenti
pamodzi ndi amayi odikirira odwala awo,
odwala amene matenda anachita kuwapeza.
Ife athu tinakagula,
tinanenerera n'kunenerera mtengo.

Loweruka operekeza mkwati anavina
atatseka mpata wake pamzere.
Diresi lake lobiriwira likadali m'pulasitiki.

Diso linapulumuka.
Pamlomo panatsala chipsera chonga nzama,
ndipo akamaseka masiku ano, dzanja limatsogola.
Sanandinenepo. Amandiimbirabe Lamlungu lililonse,
timakamba za lendi, za amuna, za madzi osatuluka pampopi.

Dzulo ndinadutsanso mu Limbe.
Katani asintha, tsopano ndi yapinki.
Panja panali atsikana awiri, wina atanyamula zikwama ziwiri.
Ndinaima.
Mtima unkagunda ngati ine ndi amene ndikukabayidwa.
Ndinati, “Achemwali, musanalowe,
mufunse dzina la mankhwala, muone chiphaso.
Akakwiya, tulukani.”
Anandiyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kuwigi.
Sindikudziwa ngati analowa.
Kondakitala anali akukuwa kale za ku Blantyre.

Amati safunsa anadya phula.
Wosafunsa ndinali ine.
Phula anadya mnzanga.