Odi wa M'kompyuta

Lachitatu ku Khombedza, sikelo ikatha,
amayi atamwazikana ndi ana kumsana,
timatsala awiri, ine ndi kompyuta ya fumbi m'mabatani,
kuphatikizapo fani yothyoka khosi yopepesa khoma.

Matebulo alipo awiri.
Loyamba ndi la ana onse amene tidawalemba,
lachiwiri ndi la katemera, jekeseni aliyense mzere wakewake.
A kuchipatala chachikulu akufuna mayina
a ana amene wa chikuku sanawabaye.
Akuwafuna mawa lomweli.

Kale ndinkawerenga zonse,
mwana aliyense mizere yake, umodziumodzi,
ngati wogulitsa matemba wokayikira mulu wake,
makina n'kumalira mpaka magetsi kuthima.

Mayi Nasimango, amene adabwera kudzatiphunzitsa,
adaseka atawona zimenezo.
Adati, "Ukaima pakhomo pa eni n'kuti odi,
suchita kalembera wa a m'nyumbamo.
Mmodzi akangotsokomola m'katimo, wadziwa kuti alipo.
EXISTS ndi odi ameneyo.
Safunsa kuti angati, safunsa kuti ndani.
Akapeza mzere woyamba amatembenuka."

Ndidalemba funso m'kati mwa funso,
laling'ono lobisala m'mimba mwa lalikulu:
ndipatse ana WHERE NOT EXISTS,
kenako m'katimo SELECT 1 kuchokera ku katemera.
Ndidadina.
Padatuluka poyera, popanda dzina n'limodzi lomwe.
Ndidawomba m'manja ndekhandekha:
Khombedza yense wabayidwa!

Chimwemwe chidatha tiyi asanazizire.
Ndidali nditaiwala chingwe,
kamzere kaja komanga funso lam'kati ku lakunja,
koti nambala ya mwana kuno ifanane ndi nambala ya mwana uko.
Popanda iko, makina ankagogoda khomo limodzi lokhalokha,
kumva chifuwa cha mwana mmodzi,
n'kuyankhira mudzi wonse kuti alipo.

Ndidamanga chingwecho.
Mayina khumi ndi awiri adatsika mwakachetechete.

Bambo Chimbalanga a zaumoyo adapinda pepala,
adalilowetsa m'thumba la malaya, nakwera njinga yopanda mabuleki.
Adabwerako Lolemba, buluku lili chisoso chokhachokha.

Asanu ndi awiri adawapeza, amayi awo ali kumunda wa thonje,
abwera sabata yamawa.
Atatu adasamukira ku Chipoka, akuti adabayitsa komweko.
Mmodzi, Asiyatu, chipsera chili pamwendo, buku lili ndi chidindo.
Ndine ndidalemba seveni m'malo mwa wani
tsiku lina lotentha la mu Okotobala.
Makina sananame, adafunafuna nambala imene ndidawapatsa.

Wotsiriza ndi Akuzike Mbwana.
Bambo Chimbalanga adavula chipewa asananene.
Malungo, mwezi wa Febuluwale, usiku mlatho utasefukira.
M'tebulo loyamba akadalimo,
wa miyezi khumi ndi inayi, ndipo akukulabe mwezi ndi mwezi
chifukwa makina amawerengera zaka pa tsiku lobadwa.

Funso langa lidayankha zoona: mzere wake palibe.
Sikuti lidadziwa chifukwa.
"Palibe" wa kumunda, "palibe" wa ku Chipoka,
"palibe" wa chala changa choterereka,
ndi "palibe" wa kumanda,
onse amatuluka ndi zilembo zofanana.

Madzulo ano ndawonjezera tebulo lachitatu
ndi funso lina laling'ono m'kati mwa lija,
kuti njinga isadzapitenso pakhomo la mayi wake
kukafunsa chifukwa chake mwana sanabwere kusikelo.

Ndathimitsa kompyuta.
Mlonda, a Kamtedza, akugogoda pazenera ndi tochi:
"Muli anthu muno?"
Ndatsokomola.
Apitirira ulendo wawo osafunsa zambiri.